Zoimbira za ana athu a ECD ku Dzivarasekwa: pamene ntchito yafika

Sabata yoyamba ya teremu yachitatu, Seputembala

Ndayamba kulemba izi chifukwa amayi a komiti ya makolo akufuna kudziwa kumene ndalama zimene anasonkha zikulowera, komanso chifukwa mutu wangawu sugwira zinthu. Pasukulu yathu ya mkaka, ku Dzivarasekwa mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, pali ana 34 m'makalasi awiri amene kuno amawatcha ECD. A ECD A, ang'onoang'ono, alipo 15, a ECD B, okulirapo, alipo 19, ndiye kuti ambiri ndi a zaka zinayi ndi zisanu. Silabasi imafuna kuti ana aziimba, azivina, azigwiranso zoimbira. Koma mukatsegula kabati yathu mupezamo tambolini imodzi yong'ambika ndi belu la njinga. Zathera pomwepo.

Ndinapita m'tauni kukafunsa mitengo ya zoimbira za ana za m'sitolo. Atanditchulira ndinangothokoza n'kutuluka. Ndiye tagwirizana kuti tipanga tokha, ndipo pofika tsiku lotsanzikana ndi a ECD B kumayambiriro kwa Disembala, mwana aliyense akhale ndi chake m'manja. Zimene ndalemba kuti tipange ndi zokhutchumula za mabotolo, timitengo togogoda, maseche a zitsekerero za mabotolo, ndi ng'oma zingapo ngati tipeze wotikungira.

Sabata yachiwiri

Loweruka ndinalawirira ku msika waukulu wa Mbare Musika ndi mphunzitsi mnzanga. Ndinkafuna zikho zing'onozing'ono, koma kumeneko ukati chikho kapena mphonda amangokuyang'ana, ndiye ndinasinthira ku Chishona n'kunena mapudzi. Mayi wina anandigwiritsa hosho ziwiri, zokhutchumula za zikho za Achishona, zopangapanga kale, zenizeni, zokhala ndi njere zakuda zolimba zija amati hota. Nditakhutchumula kamodzi, anthu a pa benchi yachitatu anacheuka. Hosho anazipangira kuti zizimveka pamwamba pa mbira ndi mawu a anthu usiku wonse, ndiye m'kalasi la malata, zili m'manja mwa ana 34, titha kugontha tonse Disembala isanafike. Ndinagulabe ziwirizo kuti ana aone chenicheni, n'kuwonjezera tizikho 8 tokwana m'dzanja la mwana.

Kuchoka apo tinadutsira ku Siyaso, ku Magaba, kumene chilichonse chimene munthu anataya chimapezeka chili pa malonda. Tinapeza waya, chubu chakale cha galimoto ndi sandipepa. Zitini zikuluzikulu za mkaka wa ufa ndapempha makolo kuti abweretse, chifukwa za penti sindikuzifuna pafupi ndi pakamwa pa ana.

Mu kombi pobwerera, chikho chimodzi chinaphwanyika munthu atandikhalira pa chikwama. Zatsala 7.

Sabata yachitatu

Sabata ino inali ya mabotolo, ndipo ndaphunzira zambiri kuposa ana. Ndinkaganiza kuti njere zikachuluka ndiye kuti phokoso likhala labwino. Botolo loyamba ndinalidzaza mpaka pakhosi ndi chimanga. Linangoti phu, phu, ngati thumba la mchenga. Njere zimafuna malo othamangira kuti zikamenye khoma la botolo zonse pamodzi. Nditachepetsa mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi, mawu anatuluka oduka bwino, oti mwana atha kumva pamene kugunda kwayambira ndi pamene kwathera. Kwa manja a ECD A, ngakhale supuni ziwiri zokha zikukwana.

Tinayesa chimanga, nyemba, mpunga, mapira ndi timiyala. Chimanga chimalira mokakala, mpunga umangoti waa, timiyala timaboola khutu. Ndinakulunga mabotolo asanu m'mapepala kuti ana asaone zam'kati, n'kumawafunsa kuti akumva chiyani. Kamtsikana kena ka ECD A, kamene chibwerereni sikanayankhepo funso m'kalasi, kanaloza la mpunga n'kunena kuti, “Aphunzitsi, umu muli mvula.” Kuyambira tsikulo botololo dzina lake ndi mvula, la chimanga ndi matalala, ndipo anawo akangomva amadziwa okha.

Lachinayi ndi limene linandichotsa thukuta. Mnyamata wina anatsegula chitsekerero ndi mano, ine ndikumanga nsapato ya mnzake, n'kulowetsa nyemba m'mphuno. Ndinaona akupumira pakamwa, maso ali tong'o. Mnzanga anafuna kuitokosa ndi kachitsulo ka m'tsitsi, ndinamugwira dzanja, chifukwa ukatokosa imalowera m'kati, ndipo nyemba ikanyowa imafufuma. Tinamutengera ku chipatala chaching'ono chapafupi, anaichotsa mosavuta. Mayi ake sanandikalipire, zimene zinandipweteka koposa kukalipiridwa.

Ndiye malamulo asintha. Chitsekerero chilichonse tikuchipaka guluu m'kati tisanatseke, kenako tikuchikulunga ndi tepi yakuda ya magetsi katatu. Ana sadzazanso okha mabotolo, amangosankha njere ine n'kuthira. Chilichonse chotha kudutsa m'kachubu ka pepala la kuchimbudzi sichikhala chomasuka m'kalasi. Ndipo bambo wina amene anatibweretsera nsatsi zodzaza kapu, akuti zimalira bwino, ndawathokoza n'kuzitaya. Nsatsi ndi poizoni mwana akatafuna. Chimodzimodzi tinjere tofiira tokhala ndi kadontho kakuda tija ana amakonda kutola.

Sabata yachinayi ndi yachisanu

Nkhani ya ng'oma. Agogo aamuna a mmodzi mwa ana athu, amene anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Dedza nthawi imene dziko la Malawi linkatchedwa Nyasaland, anamva kwa mdzukulu wawo kuti aphunzitsi akuvutika. Anafika Lolemba atavala jekete, chipewa chili m'manja. Ndinawaonetsa ng'oma yanga yoyesera, chitini chokutidwa ndi chubu, chomangidwa ndi malamba a chubu chomwecho. Anaigogoda ndi chala kawiri.

“Amayi, iyi ndi ng'oma kapena chidebe?”

“Agogo, ndiye chifukwa chake takuitanani.”

Anaseka, n'kunena kuti chubu ndi chabwino kwa tiana ting'onoting'ono chifukwa sichipweteka zikhatho ndipo sichisamala nyengo, koma a ECD B amve chikopa, adziwe kuti ng'oma imayankha malinga ndi pamene waimenya. Ndiye tinagwirizana zitini 6 za chubu ndi ng'oma ziwiri za chikopa cha mbuzi.

Pano panabuka kankhani kamene sindinakaganizire. Agogowa amadziwika kuti amaomba ng'oma ku gule, amene anzathu Achishona amati zvigure. Mayi wina wa komiti, wopemphera kwambiri, anandiitanira pambali n'kufunsa ngati ana ayamba kuphunzitsidwa za kudambwe pasukulu imene imakumana m'holo ya tchalitchi. Ndinamufotokozera kuti agogo akungokunga chikopa, kuphunzitsa ndi kwanga. Ndinamukumbutsanso kuti Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO ngati chuma cha chikhalidwe mu 2005, chaka chomwecho ndi gule wa Mbende Jerusarema wa kuno ku Zimbabwe, koma ndinaona kuti mfundo imeneyo siinamufike pamtima, ndipo mwina sinali yofunika. Chimene chinathetsa nkhani ndi agogo eni ake. Atamva, anati za kudambwe sizinenedwa kwa ana ndi akazi, ndipo iwo sangayerekeze n'komwe. Mayi uja anakhutira ndi yankho limenelo kuposa langa lonse.

Chikopa tinagula kwa opha mbuzi. Agogo anachiviika m'madzi usiku wonse, m'mawa n'kupala ubweya ndi mpeni, n'kuchidula mozungulira mosiya mlomo waukulu. Amakunga chikadali chonyowa, kukoka mbali iyi kenako yoyang'anizana nayo, osati motsatizana, kuti chisapendekeke. Chikamauma chimadzikoka chokha, ndiye ukakungitsa chili chonyowa chimang'ambika pouma. Anandiuza kuti tiumitse pamthunzi.

Ndinaumitsa pamthunzi, kuseli kwa holo, pansi. Galu wa oyandikana nafe anadya theka la ng'oma yoyamba. Agogo atabwera sananene kanthu kwa kanthawi, kenako anati, “Mthunzi wa m'mwamba, amayi.” Chikopa chachiwiri ndagula ndi ndalama yanga, sichilowa m'buku la komiti.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Okutobala

Kwatentha, majakaranda achita maluwa m'misewu ya m'tauni, ndipo timitengo tatha. Achimwene a mnzanga ndi kalipentala, anatidulira mipini itatu ya tsache m'zidutswa za masentimita 20, ife n'kukwecha nsonga ndi sandipepa mpaka zitasalala. Tapeza mapeya 9. Sitinapake vanishi chifukwa timitengoti timathera m'kamwa.

Maseche a zitsekerero andikhumudwitsa. Tinaphwatalala zitsekerero ndi hamala, kuboola ndi msomali, kuzitunga pa waya monga zija amamangirira pa deze, chikho chachikulu choikamo mbira, kuti zizinjenjemera. Kulira kwake n'kokoma, koma m'mphepete mwake n'mwakuthwa ndipo zina zinali ndi dzimbiri. Ndinadzicheka ine wamkulu. Tapanga awiri okha ogwira aphunzitsi, ena tasiya.

Lachitatu ndinagawa zonse kwa ana onse kwa nthawi yoyamba. Sindikudziwa kuti ndinkayembekezera chiyani. Mwana aliyense anamenya chake ndi mphamvu zake zonse, wina akulira chifukwa akufuna ng'oma, wina wagogoda mnzake pamutu ndi kamtengo, kamtsikana ka mvula kaja katatseka makutu pansi pa tebulo. Ndinakuwa kuti aleke, koma mawu anga sindinawamve ngakhale ine. Abusa anasuzumira pakhomo n'kubwerera osalankhula.

Usiku ndinagona ndikuganiza kuti masabata asanu ndathera pa kupanga zinthu, osaganizirapo n'kamodzi komwe kuti mwana aphunzira bwanji kuleka. Cholinga chija choti aliyense akhale ndi chake nthawi imodzi chinali cholakwika kuyambira pachiyambi.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Zoimbira zonse zabwerera m'kabati masiku atatu. Tayamba ndi manja, ntchafu ndi mapazi. Ndikatambasula zikhatho amaomba, ndikafumbata amaleka. Ndi masewera basi, ndipo wopitirira ena ataleka amasekedwa pang'ono n'kuseka nawo. Tsiku loyamba kuleka kunkatenga nthawi yoti n'kuwerenga mpaka khumi. Pofika Lachisanu a ECD B ankaduka pamodzi ngati wazimitsa wailesi, ndipo chete amene amatsatira amawasangalatsa kuposa phokoso. Amayang'anana, kudikira kuti ndani alakwitse.

Kenako ndinabweza zoimbira, koma kwa ana 8 okha pa nthawi imodzi, ena akuomba m'manja n'kumaimba. Lamulo ndi lakuti choimbira chimagona pansi patsogolo pako mpaka aphunzitsi atachidzutsa. Mawu akuti chagona agwira ntchito kuposa kukalipa kulikonse. Mwana wina anauza mnzake monong'ona kuti, “Usachidzutse.”

Phunziro lonse silipitirira mphindi 15 kwa a ECD A. Ndikapitiriza, timitengo timasanduka mfuti.

Kuti amve kagundidwe, ndikugwiritsa ntchito mawu a zakudya. Nsi-ma ndi kugunda kuwiri, chi-ma-nga kutatu, chi-na-ngwa kutatunso, ma-u-ngu chimodzimodzi, ndipo chi-ko-nda-mo-yo amakakonda chifukwa kamathamanga. Amanena kaye pakamwa, kenako m'manja, pomaliza pa choimbira. Apa ndapezapo phindu lina limene sindinalifune. Ana athu ambiri ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma pabwalo amasewera m'Chishona, Chichewa amangochimva kwa agogo awo. Malamulo a dziko lino a 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, koma kalasi limene mwana angachimve ndi losowa. Ndiye wina akati sa-dza, ndimavomera, n'kuwonjezera nsi-ma, onse awiri kugunda kuwiri. Mayi wina anandiuza kuti mwana wake anafika kunyumba akugogoda mbale n'kumati chinangwa, chinangwa, agogo ake mpaka kugwetsa misozi ndi kuseka.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Anankafumbwe. Mabotolo onse a chimanga ndi nyemba ali ndi ufa pansi ndipo tizilombo tikuyendayenda m'kati. Ana anasangalala kwambiri, ine ayi. Mazira ake amakhala ali kale m'njere, ndiye kutseka botolo sikuthandiza. Ndadula mabotolo 11 n'kuyambanso. Ulendo uno njere ndazikazinga pang'ono m'chiwaya, osafika pophulika, n'kuziziritsa ndisanathire. Zokazinga zikulira mowala kuposa zosakazinga chifukwa zauma gwa. Tizikho 7 tija ndathiramo hota, imene anankafumbwe saiboola, n'kutseka pakamwa ndi kamtengo ndi guluu.

Kalipentala uja wabwera ndi mphatso: zidutswa za mlombwa, umene kuno amati mukwa, mtengo womwewo amapangira marimba a m'masukulu, aja anayambira ku Kwanongoma College ku Bulawayo m'zaka za m'ma 1960. Marimba enieni ndi ntchito ya amisiri, koma agogo atawona zidutswazo anakumbuka mangolongondo a kumudzi, ongoyala mitengo pa makungwa a nthochi. Tinadula thunthu la nthochi pawiri, n'kuyala zidutswa zisanu mopingasa. Chachifupi chimalira pamwamba, chachitali pansi. Agogo anandionetsa kuti ukasema kunsi pakati mawu amatsika, ukasema kunsonga amakwera, ndiponso kuti mtengo uyenera kutsamira chakufupi ndi nsonga zake, osati pakati, apo ayi umafa mawu. Sitinalondole do re mi, tangoonetsetsa kuti asanuwo akusiyana momveka. Vuto lake n'lakuti nthochi imafota pakatha sabata, ndiye tiyesa kuyala pa chubu chokulungidwa.

Sabata yachisanu ndi chinayi ndi yachikhumi, Novembala

Mvula yoyamba yagwa, ndipo ng'oma za chikopa zalefuka. Lolemba zinkangoti bwe, bwe. Chikopa chimamwa chinyontho cha mumpweya n'kutambasuka. Agogo anati ku gule amaziwamba pamoto, koma moto pakati pa ana a zaka zinayi sindingayese, ndiye timazitulutsa padzuwa theka la ola phunziro lisanayambe. Kukachita mitambo timangogwiritsa za chubu. Anafunanso kumata phula pakati pa ng'oma imodzi kuti mawu ake atsike, azisiyana ndi inzake. Tinamata. Pofika masana linali litatokosoledwa lonse ndi tizala, ndipo sindikufuna kudziwa kumene linapita.

Choimbira chimene chapambana zonse sitinapange ndi ife. Mitengo ya flamboyant yayamba kufiira, ndipo pansi pake pali zikhokhombe zake zakale, zazitali ngati mkono wa mwana, zouma, njere zili m'kati. Mlonda wa holo ananditolera thumba lathunthu. Palibe chodula, palibe chomata, sizisweka msanga, ndipo kulira kwake n'kofatsa moti ana 15 atha kukhutchumula pamodzi munthu n'kumamvabe nyimbo. Ndangokulunga tepi pa zimene zayamba kuyasama kuti njere zisatuluke. Ndikaganiza za guluu ndi mabotolo onse aja, ndimangopukusa mutu.

Mayi wina wachikulire wa kutchalitchi anadzipereka kutilukira zisekese monga za kwawo kumpoto kwa Malawi, zija za timapesi ta udzu tolukidwa mbali ziwiri, njere zili pakati, zimene amayi amagwira ndi manja awiri n'kumapendeketsa uku ndi uku. Udzu wokhwima wouma nyengo ino ndi wosowa, wambiri unapsa ndi moto wa m'chilimwe ndipo wotsala wanyowa. Waluka ziwiri zokha. Zina zidikira Juni kapena Julayi. Ziwirizo ana amazilimbirana chifukwa sizifuna mphamvu, zimafuna kufatsa, ndipo kamtsikana ka mvula kaja ndi kamene kakuzidziwa kuposa onse.

Sabata ya 11

Kuwerengera kwa lero, kuti amayi a komiti aone: mabotolo 14, tizikho 7, zikhokhombe za flamboyant 20, timitengo mapeya 8 chifukwa peya imodzi inasowa, zitini za chubu 5 chifukwa chimodzi wina anachikhalira, ng'oma za chikopa 2, zisekese 2, maseche a aphunzitsi 2, hosho 2, ndi mangolongondo amodzi. N'zokwanira mwana aliyense n'kutsalako, koma pa tsiku lotsanzikana sadzagwira onse pamodzi. Tawagawa m'magulu atatu, a timitengo, a zokhutchumula ndi a ng'oma, gulu lililonse lidzalowa pa nthawi yake, ndipo onse adzakumana pa vesi lomaliza lokha. Ndalama ya komiti yatsalako pang'ono, ndikupempha kuti igule bokosi lapulasitiki lotsekeka, chifukwa makoswe a m'holo anunkhiza chimanga chokazinga.

Pokonzekera Lachinayi agogo anakhala kumbuyo pa benchi, chipewa pabondo. A ng'oma anathamanga monga mwa masiku onse, a timitengo n'kuwatsatira, nyimbo yonse n'kugubuduka kutsetsereka. Ndinafumbata dzanja, onse anaduka kupatula mnyamata wa nyemba uja, amene anawonjezera kamodzi n'kudzitseka pakamwa. Titamaliza agogo anandiuza kuti vuto si ana, ndi ine, ndimafulumira ndikachita mantha ndipo iwo amangotsatira phazi langa. Anati sabata yamawa adzakhala pambali panga n'kumagunda ndodo yawo pansi kuti ndizimvera.

Zotsala: kusintha nthochi ya mangolongondo Lolemba, kuyang'ana tepi ya mabotolo onse limodzi ndi limodzi, ndi kupeza thumba la pulasitiki lalikulu losungiramo ng'oma ziwiri zija kuti zisamwe chinyontho usiku wa tsikulo.